Omasulira Mapazi a Chivomezi

Mwa ntchito zonse zimene ana a anthu adzipezera pansi pa thambo, ilipo imodzi imene ine ndimaiwombera m'manja, ndiyo ya anthu amene amakhala chete m'kachipinda, maso ali pa pepala limene singano yalembapo mizere yonjenjemera, namayesa kumasulira zimene zachitika m'matanthwe akuya makilomita mazanamazana, kumene phazi la munthu silinapondeko ndipo silidzapondako. Mlenje akaona phazi pa dothi lonyowa amanena molimba mtima kuti apa padutsa gwape, ndipo anali pa liwiro; koma mlenjeyo gwape anamuonapo ndi maso, anamusendapo ndi kumudya. Womasulira chivomezi alibe mwayi wotere. Nyama imene amaitsata sanaionepo, ndipo chimene ali nacho ndi mapazi okha, amene afika pakhomo pake atayenda ulendo wautali m'mimba mwa dziko.

Ntchito imeneyi inakulira ku Japan, ndipo chifukwa chake chili m'nthaka ya dzikolo. Khungu louma la dziko lapansi silili lathunthu ngati mtsuko wongowotcha kumene. Lili m'mapale akuluakulu amene amasuntha pang'onopang'ono, ndipo kum'mawa kwa Japan, pansi pa nyanja ya Pacific, kuli phompho lakuya pafupifupi makilomita 8 kumene phale limodzi limapinda nkumira kunsi kwa linzake, mtunda wonga m'lifupi mwa chikhatho cha munthu chaka chilichonse. Pamene mapale awiriwo akhudzana pamakanirira zaka zambiri, thanthwe likupindika ngati uta wokokedwa, kufikira tsiku limene chogwira chileka ndipo mphamvu yosungidwa kwa mibadwo imasuka m'mphindi zochepa. Zivomezi zathu za kuno, monga cha ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009, nzamtundu wina, pakuti kuno nthaka ikung'ambika nkutalikirana. Koma zazikulu koposa zimene makina analembapo, zonse zinabadwira kumene mapale amamira. Makolo a ku Japan sanadziwe zimenezi. Iwo ankati pansi pa nthaka pagona mlamba waukulu wotchedwa namazu, umene mulungu wa ku Kashima anautsamiza ndi mwala, ndipo kuti mlondayo akangoona kumbali, mlambawo umagwedeza mchira. Mzinda wa Edo utagwa mu 1855, zithunzi za mlambawo zinagulitsidwa m'misewu mwa unyinji. Ife amene tinakula tikumva za Napolo sitingadabwe nawo, pakuti mtima wa munthu suvomera kuti tsoka lalikulu lidze lopanda mwini.

Paja akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'chaka cha 1876 kunafika ku Tokyo mnyamata wa ku England, John Milne, wodzaphunzitsa za migodi ndi za miyala. Ndipo chivomezi chitagwedeza doko la Yokohama pa 22 Febuluwale 1880, iye pamodzi ndi anzake James Ewing ndi Thomas Gray ndi aphunzitsi a Chijapani anakhazikitsa bungwe loyamba pa dziko lonse la ophunzira za zivomezi. Vuto lawo linali ili: ungayeze bwanji kusuntha kwa nthaka pamene iwe mwini, ndi tebulo lako, ndi nyumba yako, mukusuntha nayo pamodzi? Yankho linali chitsulo cholemera cholendewera mwa njira yakuti nthaka ikanjenjemera icho chimatsalira pamalo pake, ndipo singano yomangidwa kwa icho imakanda galasi kapena pepala lodetsedwa ndi mwaye limene likuyenda kunsi kwake. Posapita zaka zambiri zinaoneka kuti makutu otere amamva patali kuposa mmene eni ake anayembekezera: mu Epulo 1889 makina a Ernst von Rebeur-Paschwitz ku Potsdam, m'dziko la Germany, ananjenjemera popanda chifukwa chooneka, ndipo mwini wake atawerenga pambuyo pake za chivomezi cha ku Japan, anazindikira kuti chimene analemba chinachokera tsidya lina la dziko. Milne anabwerera kwawo mu 1895, nakhala pa mudzi wa Shide pa chilumba cha Wight, kumene kufikira imfa yake mu 1913 ankalandira mapepala kuchokera ku makina ake omwazikana m'maiko ambiri.

Kulemba mizere ndi chinthu china, kuiwerenga ndi chinanso. Anali Richard Oldham, amene anafufuza chivomezi cha ku Assam cha 1897, amene mu 1900 anasonyeza poyera kuti pa pepala pamafika alendo atatu motsatana. Oyamba ndi mafunde a P, amene amakankha ndi kukoka thanthwe monga mmene mawu amayendera mu mphepo, ndipo m'matanthwe a pafupi ndi pamwamba amathamanga makilomita 6 pa sekondi imodzi. Achiwiri ndi a S, amene amagwedeza thanthwe chammbali monga chingwe chokutumulidwa, ndipo liwiro lawo ndi makilomita atatu ndi theka. Otsiriza ndi mafunde aatali oyenda pamwamba pa nthaka. Taganizani za amithenga awiri amene mfumu yawatuma nthawi imodzi, wina mnyamata wina nkhalamba: pa mudzi woyandikira amafika motsatizana, koma ulendo ukatalika mpata pakati pawo ukula, kotero kuti wanzeru, powerenga mpatawo, akhoza kunena kutalika kwa kumene achokera. Fusakichi Omori, mphunzitsi wamkulu wa ku Tokyo, anauika mpatawo m'masamu, ndipo mpaka lero wophunzira amauzidwa kuti pa chivomezi chapafupi sekondi iliyonse ya pakati pa P ndi S ndi makilomita pafupifupi 8. Nyumba zoyezera zitatu zikanena mitunda yawo, malo a chivomezi apezeka.

Koma za Omori pali mbiri ina yomvetsa chisoni imene sindingaidumphe. Mu 1905 mnzake wocheperapo pa udindo, Akitsune Imamura, analemba kuti mzinda wa Tokyo uyembekezere chivomezi chachikulu m'zaka 50 zikudzazo, ndipo kuti moto ukhoza kupha anthu 100,000. Iye sanazione zimenezi pa pepala la singano. Anazipeza m'mabuku a mbiri yakale, powerenga mmene zivomezi zinkabwererera m'malo omwewo. Omori, poopa kuti anthu achita mantha, anamutsutsa pagulu, ndipo Imamura anasenza manyazi zaka 18. Pa 1 Sepitembala 1923, kutangotsala mphindi ziwiri kuti dzuwa lifike pamutu, nthawi imene amayi anali atasonkha moto wa chakudya chamasana, phale la kum'mwera kwa Tokyo linatsetsereka, ndipo anthu oposa 100,000 anafa, ambiri mwa iwo ndi moto. Omori anali ku Australia pa msonkhano. Ataima m'nyumba yoyezera ya Riverview ku Sydney anaona singano ikuyamba kuvina pamaso pake, ndipo powerenga mpata wa amithenga aja anazindikira kuti tsokalo lagwa kufupi ndi kwawo. Anabwerera ali wodwala, namwalira mu Novembala chaka chomwecho. Mawu a akulu akoma akagonera, koma apa amene mawu ake anagonera anali wamng'ono.

Munthu amene ndimamuyesa tsinde la mbiri yonseyi ndi Kiyoo Wadati, wobadwa mu 1902, amene analowa ntchito ku likulu loona za nyengo ku Tokyo patangopita zaka ziwiri chichitikire tsoka lija. Masiku amenewo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti zivomezi zonse zimabadwira pafupi ndi pamwamba, pakuti kunsi thanthwe ndi lotentha ndi lofewa, ndipo chofewa chimapindika, sichithyoka. Herbert Turner wa ku Oxford anali atanena mu 1922 kuti zina zimachokera kwakuya, koma umboni wake unali wosakhwima, ndipo Harold Jeffreys wa ku Cambridge, amene mawu ake ankalemera ngati a nyakwawa pa bwalo, anaukayika. Wadati sanakangane ndi munthu. Anatenga mapepala a nyumba zoyezera zambiri zimene Japan anali nazo moyandikana, nayamba kuwerenga masekondi. Chivomezi chikakhala chosaya, nyumba imene ili pamwamba pake penipeni imalandira P ndi S motsatana ngati mapasa, ndipo nyumba zakutali zimalandira mochedwa. Koma iye anapeza zivomezi zina zimene, ngakhale pa nyumba yoyandikira koposa, S ankatsalira masekondi oposa 30, ndipo P ankafika pafupifupi nthawi imodzi m'mizinda yotalikirana kwambiri, monga mmene bingu la m'mwamba kwambiri limamvekera mudzi uno ndi mudzi wa tsidya pa kamphindi kamodzi. Ngati amithenga afika atatalikirana chotere, pomwe pamwamba palibe mtunda woti ayende, ndiye kuti mtundawo uli kunsi. Mu 1928 anasindikiza umboni wakuti zilipo zivomezi zakuya makilomita oposa 300, ndipo posapita zaka zambiri mkangano unatha.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Wadati anapitiriza zaka zina zisanu ndi ziwiri, akulemba pa mapu kuya kwa chivomezi chilichonse, ndipo mu 1935 chinaoneka chinthu chimene palibe anachiyembekezera: zivomezizo sizinamwazike mwachisawawa, koma zinandanda pa mtsetse umodzi wonga denga la nyumba, zosaya kufupi ndi phompho la kum'mawa, zakuya pang'ono kunsi kwa zilumba, ndi zakuya koposa chakumadzulo, kunsi kwa nyanja ya pakati pa Japan ndi Asia. Panalinso chodabwitsa china chimene anthu wamba ankachidziwa ndi matupi awo, chakuti chivomezi chakuya cha kumadzuloko sichinkamveka kwenikweni kwa okhala pamwamba pake, koma chinkagwedeza mbale ndi zitseko kutali ku gombe la kum'mawa. Wadati anajambula chithunzi cha phale lomira asanadziwe kuti ndi phale. Hugo Benioff wa ku California anapeza mitsetse yotereyi mozungulira nyanja yonse ya Pacific, ina yofika makilomita 700, naifotokoza mu 1949 ndi 1954 monga ming'alu ikuluikulu. Ndipo kwa zaka zambiri azungu ankaitchula ndi dzina la Benioff lokha. Lero amati mtsetse wa Wadati ndi Benioff, ndipo nkoyenera kutero, pakuti wolima munda woyamba saiwalika pa tsiku lokolola.

Makutu ochuluka anadza ndi mantha a nkhondo. Maiko amphamvu atayamba kuyesa mabomba a atomiki pansi pa nthaka, dziko la America linafuna kumamva zimene adani ake akuchita, ndipo kuyambira mu 1961 linaika makina ofanana m'nyumba pafupifupi 120 pa dziko lonse, imodzi mwa izo inali ku Bulawayo. Mawotchi awo anali ogwirizana, ndipo mapepala awo ankajambulidwa pa filimu kuti aliyense wofuna awerenge. Chimene chinafesedwa chifukwa cha chidani chinabala zipatso kwa ophunzira. Nthawi yomweyo nthaka inayankhula kawiri ndi mawu aakulu: ku Chile pa 22 Meyi 1960, pamene dziko lonse linalira ngati belu kwa masiku angapo ndipo mafunde aakulu a m'nyanja, otchedwa tsunami, anaoloka Pacific nkupha anthu ku Hawaii ndi ku Japan, ndi ku Alaska pa Lachisanu Loyera, 27 Malichi 1964.

Mlandu wa ku Alaska ndiwo umasonyeza bwino malire a umboni wa mafunde. Funde la P likafika, singano imayamba ndi kukwera kapena kutsika, kusonyeza ngati nthaka ya pamenepo yakankhidwa kapena yakokedwa. Mukasonkhanitsa zimenezi kuchokera ku nyumba zonse, zimagawika panayi, ngati munda umene njira ziwiri zadutsana pakati pake. Imodzi mwa njira ziwirizo ndiyo mng'alu umene watsetsereka, koma mafunde akutali sanena kuti ndi iti. Onse awiri amabala mizere yofanana pa pepala. Ku Alaska njira imodzi inali yoimirira ngati khoma, ina yogona ngati mphasa yopendekeka pang'ono. Frank Press, mmodzi wa akatswiri otchuka koposa a nthawiyo, anasankha yoimirira. Koma George Plafker, wofufuza miyala wa boma amene analibe dzina lalikulu, anakwera bwato nayenda m'magombe miyezi yambiri, akuyeza tinkhono tam'nyanja timene timamatirira pa miyala. Tinkhono timeneti timakhala pokhapo pamene madzi amafika, ndipo iye anatipeza titauma nkuyera pamwamba pa mutu wake. Pa chilumba cha Montague nthaka inali itakwera mamita oposa 10, pomwe chakumtunda inali itatsika, nkhalango zitaima m'madzi a mchere zikufa. Atayeza malo mazanamazana anaona kuti pa mzere wolekanitsa kokwera ndi kotsika, pamene khoma lija likanayenera kuonekera, panalibe mng'alu uliwonse. Mu 1965 analemba kuti pansi pa nyanja palowa kunsi kwa Alaska pa mng'alu wogona, ndipo atapita ku Chile mu 1968 anapeza zomwezo. Mafunde sananame, ananena zoona, koma sananene zonse, ndipo mlandu unagamulidwa itafika mboni yachiwiri, imene inali nkhono zakufa.

Chotsala chinali kuliona phalelo, ndipo linaonekera ku Tonga. Jack Oliver ndi wophunzira wake Bryan Isacks, a ku malo ofufuzira a Lamont ku New York, anaika makina pa zilumba za Tonga ndi Fiji, kumene zivomezi zakuya zimachuluka kuposa kwina kulikonse. Chivomezi chimodzimodzi, chobadwira makilomita 600 kunsi pakati pa zilumbazo, chinkafika ku Tonga ndi mizere yakuthwa ndi yamphamvu, koma ku Fiji chinkafika chofooka ndi chobuntha. Iwo anamasulira mu 1967 kuti mafunde opita ku Tonga akukwera m'kati mwa chinthu cholimba ndi chozizira, chochindikala makilomita pafupifupi 100, monga mmene kugogoda kumayendera bwino mu njanji kuposa m'matope, pamene opita ku Fiji akudutsa m'thanthwe lotentha limene limawameza. Tokuji Utsu anafotokoza chimodzimodzi za zitseko zogwedezeka za ku gombe la kum'mawa kwa Japan. Mu 1968 Isacks, Oliver ndi Lynn Sykes anamanga zonsezi mtolo umodzi, ndipo chithunzi cha Wadati chinapeza tanthauzo lake patapita zaka 33, mwini wake akali moyo.

Panatsala funso limene limakhudza moyo wa anthu mwachindunji: chivomezichi ndi chachikulu bwanji? Muyeso wa Charles Richter wa 1935, umene maziko ake ena anawatenga kwa Wadati, unkayang'ana kutalika kwa mzere pa pepala. Koma unali ngati dengu, limene likadzaza ladzaza, ngakhale uthiremo nkhokwe yonse. Mng'alu wa makilomita mazanamazana sung'ambika pa kamphindi. Umatenga mphindi zingapo, ndipo mphamvu yake yambiri imabisala m'mafunde aatali, oyenda mwaulemu, amene makina akale sankawamva bwino. Keiiti Aki mu 1966 ndi Hiroo Kanamori mu 1977 anabweretsa muyeso wowerengera kukula kwa malo ong'ambika ndi mtunda umene atsetsereka, ndipo chivomezi cha ku Chile, chimene ankachiyesa cha pafupifupi 8.5, chinapezeka kuti chinali cha 9.5. Kanamori yemweyo anakumbutsa anthu za usiku wa pa 15 Juni 1896 ku gombe la Sanriku, pamene nthaka inangogwedezeka pang'ono, anthu napitiriza chikondwerero chawo, koma patapita theka la ola nyanja inadza nitenga anthu pafupifupi 22,000. Ndipo pa 26 Disembala 2004, pamene mng'alu wa makilomita 1,300 unang'ambika kuyambira ku Sumatra, chiwerengero choyamba chinali 8.0 pomwe chenicheni chinali choposa 9. Madzi anafika mpaka ku Somalia, Kenya ndi Tanzania, ndipo anafa anthu oposa 220,000.

Mlandu suola. M'mabuku a mbiri ya mafumu a ku Japan munalembedwa kuti m'chaka cha 869 nyanja inalowa m'chigwa cha Sendai nimiza anthu pafupifupi 1,000. Ndipo mu 2001 Koji Minoura ndi anzake, atakumba m'minda ya mpunga ya m'chigwacho, anasonyeza mchenga wa m'nyanja wogona pakati pa dothi makilomita angapo kuchokera ku gombe, nachenjeza kuti madzi otere amabwerera patapita zaka 800 mpaka 1,100. Monga m'masiku a Imamura, mboni yachiwiri inali itayankhula. Koma makina anali atalemba zaka zana limodzi zokha, ndipo m'zaka zimenezo sanaonepo chivomezi cha 9 pa phompho la kum'mawa kwa Japan lija, kotero kuti makoma ndi mapulani anamangidwa molingana ndi zimene makina anaona. Pa 11 Malichi 2011, nthawi ili 2:46 masana, phalelo linatsetsereka, m'malo ena mamita 50. Patangotha mphindi zitatu a zanyengo analengeza kuti ndi cha 7.9, ndipo kuti madzi adzakwera mamita 6 ku Miyagi ndi mamita 3 ku Iwate ndi ku Fukushima. Mng'alu unali ukungomaliza kung'ambika, ndipo singano zambiri za pafupi zinali zitafika pa malire a muyeso wawo. Ena atamva za mamita atatu anakhulupirira makoma awo a m'gombe. Chenjezo linakwezedwa patapita pafupifupi theka la ola, chida choyandama pa nyanja kufupi ndi Kamaishi chitaona madzi akutukumuka, koma m'malo ambiri magetsi anali atazima kale ndipo uthenga sunafike. Chivomezicho chinali cha 9.0, ku Miyako madzi anakwera m'mapiri pafupifupi mamita 40, ndipo akufa ndi osowa anapitirira 18,000.

Sindingawaweruze amuna ndi akazi amene analengeza 7.9, pakuti anawerenga mokhulupirika zimene mphindi zitatu zinawapatsa, ndipo akanadikira kuti mafunde aatali afike onse, ena amene anapulumuka akanafa. Chimene ndimachilemekeza nchakuti sanabise cholakwacho. Dziko la Japan linayala pansi pa nyanja, kuyambira ku Hokkaido kufikira kufupi ndi Tokyo, zingwe za makilomita oposa 5,000 zolumikiza makina 150, kuti khutu likhale pamwamba penipeni pa malo omira phale, osati kutali pa mtunda. Ndipo kuyambira mu Malichi 2013, a zanyengo akaona kuti chivomezi chikhoza kukhala chachikulu kuposa mmene makina akusonyezera, chenjezo loyamba silitchulanso mamita. Kumene chiopsezo chili chachikulu limangonena liwu limodzi la Chijapani, kyodai, kutanthauza kuti chikudzacho nchachikulu koposa, ndi kuuza anthu kuti athawire kumtunda nthawi yomweyo.